Njinga Ziwiri, Wopalasa Mmodzi

Pachilumbapo aliyense ankamudziwa ndi dzina loti Belu. Anamupatsa ndi alendo amene iye ankawaperekeza pa njinga, chifukwa akakhala patsogolo belu lake silinkapuma, ngakhale pamene panalibe munthu woti apatuke. Koma zimenezo zinali kale. Tsopano panali patatha zaka zitatu belulo lili lomanga ndi kansanza, dzina lokha ndi limene linatsala.

Lamlungu m'mawa anakumana ndi chibwenzi chake, Wapenti, pa mizati yachitsulo pamene magalimoto amalekezera. Kuyambira pamenepo msewu wa m'mbali mwa nyanja unali wa njinga zokhazokha: makilomita khumi ndi anayi a phula losalala, madzi amchere kumanzere, mahotela ndi mitengo ya kanjedza kumanja. Mivi yobiriwira yolozera njira pa phulapo anajambula ndi Wapentiyo, monganso yachikasu yopita ku nsanja yowunikira sitima, ndi yofiira yokwera phiri. Anali munthu wamtali, wosachuluka mawu, wa zikhadabo zosatha penti.

Anapalasa moyandikana osalankhulana. Pa kilomita yachisanu ndi chinayi, pamene msewu umakhota kuzungulira thanthwe, Belu anawonjezera liwiro monga ankachitira masiku onse, maso ali kutsogolo. Pamenepo ndi pamene mchimwene wake anagundidwa ndi lole ali pa njinga, msewuwo usanatsekedwe. Woyendetsa loleyo anali mkulu wake wa Wapenti, ndipo anali kundende kutsidya la nyanja. Abambo ake a Belu ndi amene anayenda khomo ndi khomo ndi chipepala, mpaka khonsolo inaletsa magalimoto pamsewupo. Alendo ankautama kuti ndi msewu wamtendere. Belu ankangowavomera ndi mutu.

Anapumira pa benchi ya simenti ya kumapeto.

"Masabata atatu akwana," anatero Wapenti, akumasula botolo la madzi.

"A chiyani?"

"Chikufunsire mawu a ukwati aja."

"Sindinakane."

"Sunavomerenso."

Belu anayang'ana mafunde. Anafufuza mumtima mwake ngati munthu wopisa m'thumba limene akudziwa kale kuti mulibe kanthu. Ankamukonda mwamunayu. Ankadziwa zimenezo monga ankadziwira kutalika kwa msewu, koma kumva ayi. Chimwalirire mchimwene wake, zonse zinkamufika ngati mawu a m'chipinda china.

"Amalume ndawauza kuti Loweruka apite kwanu," anatero Wapenti. "Ukati asapite, ndikawaletsa."

"Apite."

"Basi? Apite basi?"

"Mukufuna ndivine?"

Wapenti anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso.

"Bola ukanakwiya. Ngakhale kundigenda ndi pampu, ndikanadziwa kuti ndikulankhula ndi munthu."

"Pampu ndi yatsopano," anatero Belu, n'kukwera njinga.

* * *

Lolemba madzulo anapeza amayi ake akusita zovala pa tebulo la kukhitchini. Pa sinki panali alamu ake, mkazi wa malemu mchimwene wake, amene sanachoke pakhomopo chichitikire maliro. Amayi ankawatchula kuti mwana wanga, ndipo makiyi a kabati ankasunga ndi iwo.

"A Manijala a kuhotela anadutsa pano," anatero amayi, maso ali pa kolala ya malaya. "Akuti dzulo anakuonani pa benchi, mapewa atagundana."

"Maso awo ndi abwino."

"Amuna anatha pachilumba pano?"

Belu anatenga kapu n'kuthira madzi, koma sanamwe.

"A Manijala ali ndi vuto lanji? Munthu wa nyumba yake, waulemu. Pa maliro anatinyamulira bokosi."

"Vuto alibe."

"Nanga?"

"Alibe basi. Loweruka kubwera amalume ake a Wapenti."

Amayi anaimika simbi. 

"Iwe, unabadwa m'mimba mwanga kapena ndinakutola pa doko?"

"Si iwo anayendetsa lole, amayi."

"Magazi ndi amodzi. Ukufuna adzukulu anga azikatchula wopha mwana wanga kuti abambo aakulu? Azikamukhalira pa miyendo?" Anatembenukira ku sinki. "Mwana wanga, tawauzani alamu anuwa. Inu ndi amene munavala zakuda."

Alamu anali akutsuka kapu imodzimodzi kuyambira pamene Belu analowa. Anaiika pa thandala pang'onopang'ono.

"Ine ndilibe mawu, amayi," anatero, n'kutuluka kukanula zovala.

Pakhonde abambo anali pampando wawo, wailesi ili pa bondo, yosatsegula. Anamva zonse. Sanatembenuke.

* * *

Uthenga wa a Manijala unalowa Lachiwiri masana, Belu atangosiya alendo pakhomo la hotela.

"Achemwali, pepani kukusokonezani. Pali kanthu koti muone. Si miseche."

Kenako chithunzi. Chinali cha pa boti lowolotsa anthu kupita kutsidya. Wapenti anaoneka chakumbuyo, koma chipewa chake chamadonthomadontho sichinali chosokoneza. Pambali pake panakhala mkazi, dengu lili pa miyendo, nkhope itabisika ndi ambulera yaikulu.

"Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, boti la 7 koloko. Ndawaona katatu."

Belu anachikulitsa chithunzicho ndi zala. Anadikira kuti mtima ugunde, kapena kuti m'mimba mutenthe monga anzake ankanenera. Sipanachitike kanthu. Analemba kuti, "Zikomo."

"Zikomo basi?"

"Mwajambula bwino."

Pasanathe mphindi zisanu a Manijala anatulukira okha pa malo oimika njinga, tayi ili pakhosi ngakhale kunkatentha, fungo la mafuta onunkhira litatsogola.

"Mwaona nokha," anatero. "Ine sindinafune kukupwetekani. Koma munthu akamalowa m'dzenje ukuona, sungangokhala chete."

"Mwachita bwino."

"Ndikanakhala ine ndikanalira."

"Lirani, ndakubwerekani."

A Manijala anakonza tayi.

"Mumandiseka, koma ine ndakudikirani zaka ziwiri. Amayi anu amandidziwa. Kwathu kulibe wandende. Munthu uja akupatsani chiyani? Mivi ya pansi?"

"Simunandidikire, a Manijala. Munangoima pafupi."

Anamasula loko wa njinga yake. A Manijala anagwira chishalo.

"Mufunseni. Muone ngati akuuzeni dzina la mkaziyo."

Belu anayang'ana dzanjalo mpaka mwini wake anachotsa yekha.

* * *

Lachitatu ataweruka anamulembera Wapenti mawu atatu: "Njira yofiira, pano."

Njira yofiira alendo ambiri ankaiopa. Inkakwera makilomita anayi osapuma, kudutsa m'minda ndi m'miyala, mpaka pamwamba pamene chilumba chonse chimaoneka ngati mbale. Anakwera osalankhula, aliyense akumva kupuma kwa mnzake. Pamwamba Belu anatsamiritsa njinga pa chikwangwani n'kumupatsa foni.

Wapenti anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Wajambula ndi wa tayi uja?"

"Zilibe kanthu. Mumapita kuti?"

"Kundende. Kukaona akulu anga."

"Simunandiuzepo."

"Ndikanayamba bwanji? Kuti lero ndikukapereka sopo kwa munthu amene anakulanda mchimwene? Ndi mbale wanga, Belu. Amayi athu atamwalira anandilera ndi iwo. Sindingawataye. Koma sindinafune kuti dzina lawo lizikhala pakati pathu pa benchi."

"Lilipo kale."

"Ndikudziwa."

"Mkaziyo ndani?"

Wapenti anabweza foniyo. Anakanda penti ya pa chala chachikulu.

"Si chibwenzi changa. Ndikulumbira pa manda a amayi."

"Sindinafunse chimene sali."

"Sindinganene. Ndinalonjeza."

"Munalonjeza iye."

"Inde."

"Ndipo Loweruka mukutuma amalume kwathu."

"Inde. Zonse ziwiri ndi zoona. Ndipatse nthawi pang'ono, mwini wake adzanena yekha."

Belu anagwedeza mutu ngati wauzidwa nthawi ya boti. Anavala chipewa chake, n'kumanga lamba wa pachibwano.

"Wakwiya?" anafunsa Wapenti, ndipo m'mawu ake munali ngati chiyembekezo.

"Ayi."

Anatsetsereka yekha. Pa makhota awiri oyamba anagwira mabuleki. Pa lachitatu anawasiya. Mphepo inamulowa m'makutu, mivi yofiira inkadutsa pansi ngati madontho, ndipo kumbuyo anamva Wapenti akuitana dzina lake. Anayembekeza kuti mantha amugwire. Atafika pansi, pamene njirayo imakumana ndi yobiriwira, anaima akudikirabe. 

Wapenti anafika nkhope itatuwa.

"Usadzachitenso zimenezi."

"Mabuleki akufunika kumangitsa," anatero Belu.

"Ndinamanga ndekha dzulo. Ali bwinobwino."



* * *

Loweruka amalume a Wapenti anafika 10 koloko, atavala jekete la zigamba m'zigongono. Anali okalamba, akale pa ntchito yokonza mainjini a maboti, ndipo anasiya nsapato pakhomo ngakhale palibe anawauza. Amayi atawaona pa zenera analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Alamu anabweretsa tiyi, n'kubwerera kukhitchini. Belu anakhala pa kampando pafupi ndi khomo lapakati, pamene ankamva zonse.

Amalumewo analankhula nthawi yaitali. Anayamba ndi chipepeso, ngakhale anali atapepesa kale pa maliro ndi kubwalo la milandu. Anati chala chimodzi chikalakwa munthu sadula dzanja lonse. Anati mphwawo samwa, sanayendetsepo galimoto chibadwire, ndipo mivi yonse ya pamsewu uja chaka choyamba anajambula osafuna kuthokozedwa, chifukwa cha manyazi a banja lawo.

Abambo anamvetsera manja ali pa mawondo. Tiyi wawo anazizira.

"Mwamaliza, achimwene?"

"Ndamaliza."

"Mwana wanga ndinamupeza pa phula, nsapato imodzi ili uko. Ndinayenda miyezi khumi ndi umodzi kuti msewu uja utsekedwe. Anthu a malole anandilavulira. Lero alendo akujambulitsa pamene panali magazi ake, ndipo ine ndimati zili bwino, bola wina asafe." Anapuma. "Mnyamata wanuyo ndilibe naye mlandu. Ndimamuona. Akandiona amatsika njinga. Koma m'nyumba muno muli mkazi wamasiye. Mwana wa eni, amene wakhala nafe zaka zitatu osayang'ana mwamuna wina. Ndimuuze kuti chiyani? Kuti azidya mbale imodzi ndi a kubanja limene linamuvula ukwati?"

Kukhitchini supuni inagwa pansi.

"Ndiye tinene kuti mwakana?" anafunsa amalume.

"Tinene kuti sindinavomere. Tsiku limene mpongozi wangayo adzandiuze ndi pakamwa pake kuti mtima wake wapola, mudzabwerenso. Lisanafike tsikulo, musadzavutike ndi jekete."

Amalume anavala nsapato zawo pakhonde, movutikira, atagwira chipupa. Belu anawaperekeza mpaka pa geti.

"Mwana wanga, sukulira?" anafunsa, akumuyang'anitsitsa.

"Ayi, amalume."

"Kulira n'kwabwino. Injini yosatulutsa utsi imakhala yazima."

Madzulo Wapenti analemba: "Amalume andiuza. Sitinathe. Uli bwanji?"

Belu analemba kuti "Ndili bwino," n'kufufuta. Analemba kuti "Sindikudziwa," n'kufufutanso. Anatumiza kachithunzi ka chala cham'mwamba.

* * *

Lachinayi lotsatira linali loyamba la mwezi. Masiku onse Belu ankatuluka m'nyumba kusanache bwino kukatenga alendo a njira yachikasu, koma tsikulo anapempha mnzake kuti amugwirire. Anakaima pa doko kuseri kwa kanyumba kogulitsira matikiti, njinga ili pambali. Sanadziwe chimene adzachite akamuona mkaziyo. Ankangofuna nkhope yoti aike pansi pa ambulera ija.

Wapenti ndiye anayamba kufika, wapansi, n'kugula matikiti awiri. Anaima pafupi ndi kamlatho kokwerera boti, akuyang'ana kumsewu.

Patapita mphindi khumi kunatulukira njinga yachikazi yabuluu, dengu lili kumbuyo, ambulera itamangidwa ku chitsulo chapakati. Njingayo Belu ankaidziwa kuposa yake. Anaigula ndi mchimwene wake, ndipo usiku uliwonse inkagona m'khonde mwawo.

Alamu anatsika, n'kuyamba kumasula dengu. Atadzutsa mutu, maso awo anakumana ndi a Belu. Sanadzidzimuke. Anaoneka ngati munthu amene watula katundu.

"Alamu," anatero.

"Alamu."

Wapenti anayamba kubwera, koma alamu anamuimitsa ndi dzanja, iye n'kuima pomwepo.

"Kunyumba amadziwa kuti mumapita kuti?" anafunsa Belu.

"Kuchipatala, kukapimitsa chifuwa. Inu simunafunsepo. Mumachoka m'mawa, mumabwera madzulo, mumadya, mumagona. Ndikanameta mpala simukanaona."

Zinali zoona, ndipo Belu sanatsutse.

"Mumakatani kundende?"

Alamu anakhazika dengu pansi. Munali sopo, buledi, malalanje ndi juzi yoluka pamanja.

"Ulendo woyamba ndinapita kukamutukwana woyendetsa lole uja. Ndinafunanso andiuze mawu omaliza a achimwene anu, chifukwa ndi iye anawanyamula pa miyendo mpaka ambulansi inafika. Palibe wina anamva. Ndinapempha a Wapenti kuti andiperekeze, poti mkazi wekha kumeneko sulowa bwino. Ndinalowa ndi mawu anga onse okonzeka. Nditamuona, munthu wake atatha ngati ndodo, anagwada pansi pamaso pa alonda. Anandiuza zonse. Ndinalira, iyenso analira. M'nyumba mwathu muja mukudziwa, alamu, timalira aliyense kuchipinda kwake. Kumene kuja kunali koyamba kulira ndi munthu."

"Ndiye munabwererako."

"Ndinabwererako. Zaka ziwiri tsopano."

Boti linaliza hutala koyamba. Anthu anayamba kukwera, ena atanyamula njinga pamapewa.

"Akutuluka mwezi wa mawa," anatero alamu. "Wandifunsira. Ndavomera."

Belu anamva mawuwo bwinobwino, lililonse palokha. Anayang'ana Wapenti. Iye anali ataweramitsa mutu, matikiti awiri ali m'manja.

"Abambo akuti akudikira kuti mtima wanu upole," anatero Belu.

"Ndinamva. Supuni inandipulumuka." Alamu anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikawauza kuti wapola, akulolani inu. Kenako mwezi wa mawa adzadziwa chimene chinaupoletsa, ndipo adzati tinapangana tonse atatu kuwapusitsa. Ndikayamba ndi kuwauza zoona, khomo lija latsekeka kwa ine ndi kwa inu, mpaka kalekale. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Njira yoti tidutse tonse awiri sindikuiona."

"Achimwene ananena chiyani?"

"Pa phula paja?"

"Ee."

"Anafunsa ngati njinga yawonongeka. Basi. Anati, njinga ili bwino?"

Mawuwo anamulasa Belu.  Aka kanali koyamba m'zaka zitatu kuti chinthu chimufike osadzera m'chipinda china, ndipo sanadziwe kuti achiike pati.

Hutala inaliranso. Alamu ananyamula dengu, kenako anayang'ana njinga yawo.

"Loko ndaiwala pa tebulo. Ndikaisiya pano ndikaipeza palibe. Mundipitire nayo kunyumba, chonde. Akafunsa, ndili kuchipatala."

"Mukundipempha kuti ndiname."

"Ndikukupemphani tsiku limodzi, alamu."

Anapita osadikira yankho. Pa kamlatho Wapenti anawalandira dengu, n'kutembenuka.

"Belu, ndikabwera madzulo tikambirane. Pa mizati, 5 koloko. Ubwera?"

 Woyang'anira boti anamukankha Wapenti kuti alowe, n'kukoka chingwe.

* * *

Kupalasa njinga imodzi ukukoka ina ndi dzanja n'kovuta, koma Belu anali atazolowera ndi njinga za alendo otopa. Anadzera msewu wobiriwira, dzanja lamanzere pa njinga yake, lamanja pa ya alamu. Alendo awiri achikulire anamudutsa akuseka, n'kumufunsa ngati mnzake wagwera m'nyanja. Anawamwetulira monga ntchito inamuphunzitsira.

Njira yonse anayesa kukonza mawu. Kuchipatala. Anaiwala loko. Ndinakumana nawo pa doko mwangozi. Mawuwo anali osavuta, ndipo theka lake linali loona.

Atakhota kulowa mumsewu wa kwawo anaona kuti geti ndi lotsegula. Amayi anali ataima pakhonde atavala zopitira kutali, chikwama chili m'khwapa. Abambo anali pambali pawo, atavala nsapato zotseka.

"Wabwera bwino," anatero amayi. "Chifuwa cha mwana wa eni chatenga zaka ziwiri, ife tili phee ngati si makolo. Abambo ako akuti lero timutsatire, tikamve tokha kwa adokotala. Tikwera boti la 9 koloko."

Kenako maso awo anatsikira pa njinga yabuluu. Abambo nawonso anali akuiyang'ana, ambulera ikadali yomangidwa pa chitsulo.

"Wamuona pa doko?" anafunsa abambo. "Ndiye utiuze. Chipatala chake ndi chiti?"

Belu anaima pa geti, njinga kumanzere, njinga kumanja, wopanda dzanja lotsala loti agwire pakamwa.